Kuleza mtima si kutseka pakamwa

Ndatopa nawo mawu akuti "ingopirirani, chikondi chimapirira zonse." Ndimawamva sabata ndi sabata m'chipinda chimene ndimachitiramo uphungu, ndipo kawirikawiri wowanena sakhala wochitiridwa nkhanza m'banjayo, koma wachibale amene wamuperekeza.

Amathamangira ku 1 Akorinto 13 ngati kuti Paulo analemba mutuwu kuti uziwerengedwa pa ukwati. Ayi ndithu. Kalatayi anailemba ali ku Efeso m'zaka za m'ma 50 AD, polembera mpingo umene unali utagawikana: awa a Paulo, awa a Apolo, awa a Kefa. Ankasumirana kumakhoti, ndipo pa Mgonero wa Ambuye ena ankaledzera anzawo ali ndi njala. Chidzudzulocho chinkapita kwa odzikonda. Lero tachitembenuza, tikukwapula nacho amene akuponderezedwa.

Mawu achigiriki a pa vesi 4, makrothumeo, amanena za kuchedwa kupsa mtima. Aheberi ankanena mosangalatsa: pa Eksodo 34:6 Mulungu akutchedwa "wa mphuno zazitali," poti kwa iwo mkwiyo unkaonekera m'mphuno. Woleza mtima ndi amene angathe kubwezera koma sabwezera, kuti wolakwayo apeze mpata wolapa. Werengani Aroma 2:4. Ngati kupirira kwanu kukungomunenepetsa munthu m'tchimo, dzina lake si agape, chikondi chimene Paulo akunena m'mutuwu.

Fanizo la pa Mateyu 18 timaliwerenga mothamanga. Mfumu inakhululukira kapolo ngongole ya matalente 10,000, kapoloyo n'kukakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Kodi akapolo anzake amene anaona zimenezi anatani? Anakanena kwa mfumu. Palibe pamene Yesu anawadzudzula kuti asowa chikondi.

Pali mayi wina amene sachoka m'mutu mwanga. Ndinali ndisanakhalitse pa ubusa. Anabwera ataphimba diso ndi mpango, n'kukhala kumphepete kwenikweni kwa mpando ngati akuopa kuudetsa. "Abusa, ndingofuna mundipempherere, mwina vuto ndi pakamwa pangapa." Ine ndinapemphera, ndinatsegula mutu 13 womwewo, n'kuwauza kuti, "Mayi, lezani mtima, Mulungu awasintha bambo akunyumbawo." Ulendo wachiwiri ndinabwereza zomwezo. Wachitatu anabwera mkono uli m'chikhakha, ndipo sanapemphenso pemphero. Anangondiyang'ana. Vesi 6, yonena kuti chikondi sichikondwera ndi chosalungama, inali patsamba lomwelo, pansi pa chala changa.

Ndinamva pambuyo pake kuti pakati pa maulendowo anapitanso kwa munthu wina wodzitcha mneneri. Anawauza kuti amuna awo ali ndi chiwanda chaukali, asale kudya, abzale "mbewu" ya ndalama, ndipo asauze aliyense kuopa kuti pemphero lingasukuluke. Mvetserani bwino apa. Aliyense amene akukugulitsani kusintha kwa mtima wa munthu wina ndi wakuba. Amene akukuletsani kuuza anthu, kupita kuchipatala kapena kupolisi, akuteteza womenyayo. Ndipo musamadikire kuti zifike pothyoka fupa. Kukanyangidwa pakhosi ngakhale kamodzi kokha n'chizindikiro choopsa kwambiri, chokani tsiku lomwelo mukapempherere kumene muli otetezeka. Davide anathawa mkondo wa Sauli, komabe atamupeza m'phanga sanamuphe. Paulo yemweyo, atamangidwa kuti akwapulidwe, anafunsa ngati lamulo limalola kukwapula nzika ya Roma isanaweruzidwe.

Pa zambiri za tsiku ndi tsiku, lezani mtima ndithu: mwana wochedwa kumva, kholo lokalamba lofunsa funso limodzi kasanu, mnzanu amene wakulakwirani n'kupepesa. Pamenepo ambirife timalephera, ndipo palibe amabwera kudzafunsa uphungu.

Mayi aja anasamuka, sindinawaonenso. Masiku ano munthu akalowa ataphimba nkhope, Baibulo ndimayamba ndaliika pambali, n'kufunsa kuti, "Kodi usiku uno mukagona kuti?"