Kamera si ofesala womva pempho lanu

Ndatopa nawo mawu awa a anthu othawa kwawo amene akupempha chitetezo m'dziko lina: "Nkhani yanga inatuluka kale mu kanema, anthu aiona, ndiye sangandikane." Angathe kukukanani ndithu. Wojambula kanema wa zochitika zenizeni amafuna kuti owonera agwidwe chisoni. Ofesala womva pempho la chitetezo funso lake ndi lina: mukabwerera kwanu adzakuzunzani ndani, ndipo pa chifukwa chanji? Pangano la ku Geneva la 1951, lokhudza anthu othawa kwawo, limatchula zifukwa zisanu: mtundu, chipembedzo, dziko lanu, maganizo a ndale, ndi kukhala wa gulu linalake la anthu. La mayiko a mu Africa la 1969 linawonjezerapo nkhondo ndi chipwirikiti. Njala ndi ulova zimapweteka, koma mulibemo. Ngakhale masautso a pa nyanja, amene makanema amakonda kuonetsa, paokha sayankha funsolo.

Pa anthu amene ndawathandiza pa milandu yotere, pali mayi wina amene sachoka m'mutu mwanga. Analola kujambulidwa nkhope ili poyera, chifukwa ankafuna kuti dziko lidziwe. Ojambulawo sanali anthu oipa. Koma podula kanemayo anachotsa miyezi imene mayiyu anabisala kwa achibale, moti zinamveka ngati anathawa tsiku lomwe mwamuna wake anamangidwa. M'pempho lake munali miyezi ija. Sananame paliponse, koma nkhani ziwirizo zitasiyana, ofesala anayamba kukayikira zonse. Kanemayo atafika pa intaneti, mlongo wake amene anatsala kwawo anayamba kutsatidwa. Mayiyo anasaina pepala lovomereza kujambulidwa asanafunse aliyense.

N'chifukwa chake ojambula osamala amabisa munthu. Kanema wa Flee wa mu 2021 anamupanga ndi zithunzi zojambula pamanja, ndipo dzina la mwini nkhani, wochokera ku Afghanistan, analisintha. Wozembetsa anthu anamulangiza kuti azinena kuti abale ake onse anafa, ndipo anakhala zaka zambiri akuopa kuti bodzalo liululika.

Madobadoba ogulitsa nkhani zopeka adakalipo. Amakuphunzitsani nkhani imodzi yomwe agulitsanso kwa anthu ena ambiri, ndipo maofesala anailoweza kale. Mukakodwa pa funso limodzi, ngakhale zoona zanu zimaferatu limodzi ndi bodzalo. Wina akati mumupatse ndalama kuti akulembetseni ku UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ameneyo ndi wakuba, chifukwa bungweli sililipiritsa.

Ndipo musachedwe, chonde. Pangano la 1951 limati wothawa kwawo asalangidwe chifukwa cholowa m'dziko popanda mapepala, bola akadzionetse kwa aboma msangamsanga. Ku United States, nthawi zambiri pempho liyenera kuperekedwa chaka chimodzi chisanathe chifikireni. Ena amadikira kuti kanema atuluke kaye poganiza kuti awalimbitsira mlandu, nthawi n'kuwathera. Perekani pempho kaye. Wa kamera akabwera, muuzeni adikire mpaka loya wanu awerenge pepala lakelo, ndipo mufunseni ngati nkhope, mawu ndi mayina a abale anu zidzabisidwa.