Chuku ndi madontho m'mipata ya matailosi a m'bafa: kuchotsa kwake osadzivulaza

Kamzere kakuda kamene kamayambira pakona ya shawa, pamene khoma lakumana ndi pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono m'mipata ya matailosi, kawirikawiri si litsiro wamba. Ndi chuku, chimene ena amati nkhungu kapena nguwi. Matailosi enieniwo ndi osalala, madzi amangotsetserekapo. Koma simenti yotsekera mipata, imene amisiri amaitchula kuti grout, ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Imamwa madzi, n'kusunganso thovu la sopo ndi litsiro la m'thupi. Chinyontho chilipo, kafundidwe kalipo, chakudya chilipo, ndiye chuku chilekerenji kumera?

Chuku chimatulutsa timbewu touluka mumpweya, timene timapumira mkati tikamasamba. Anthu ambiri athanzi samva kanthu. Ena amayetsemula, mphuno kutsekeka, maso kufiira ndi kuyabwa, kutsokomola kapena kutuluka totupa pakhungu. Odwala mphumu ndiwo amavutika kwambiri chifukwa chuku chimatha kuwadzutsira kubanika. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga amene akulandira mankhwala a khansa, kapena amene ali ndi matenda okhalitsa a m'mapapo, mitundu ina ya chuku monga Aspergillus imatha kuyambitsa matenda m'mapapo momwemo. M'chaka cha 2009 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linatulutsa malangizo okhudza chinyontho ndi chuku m'nyumba, ndipo linasonyeza kuti okhala m'nyumba zachinyontho amadwala kawirikawiri matenda a kapumidwe. Anthu tatchulawa asakhale iwo okwecha bafa lachuku, ntchitoyi agwire wina.

Yambani mwaona mtundu wa dontho

Mankhwala amene amachotsa dontho lina amakanika pa linzake, choncho musathamangire botolo. Lakuda kapena lobiriwira ndi chuku. Loyera, lokhakhala ngati choko, ndi mchere wa laimu wotsalira madzi akauma, wosakanikirana ndi sopo. Lofiirira ngati dzimbiri limachokera ku chitsulo cha m'madzi kapena mapaipi akale, ndipo limeneli mukalithira klorini limangokakamira. Pali lina lapinki, loterera, lokonda pafupi ndi potulukira madzi. Limenelo si chuku ayi, ndi mabakiteriya otchedwa Serratia marcescens, amene amadya zotsalira za sopo. Amachoka mosavuta koma sachedwa kubwerera.

Kakwechedwe

Tsegulani zenera ndi chitseko, valani magolovesi, ndipo ngati muli ndi masiki ndi magalasi otchinga maso, valaninso. Nyowetsani kaye khoma, chifukwa kukwecha chuku chouma ndi kuchimwaza mumpweya.

Yambani ndi zofatsa. Sakanizani soda wophikira ndi madzi pang'ono mpaka zikhale phalaphala, pakani m'mipata, dikirani mphindi 10 kapena 15, kenako kwechani ndi mswachi wakale kapena burashi yolimba ya pulasitiki. Burashi yawaya ayi: imakanda grout, ndipo mikwingwirima imeneyo ndi imene chuku chidzakhazikikemo mawa. Kwechani motsatira mzere, kagawo kamodzi panthawi, kuchokera m'mwamba kutsika pansi, n'kumatsukuluza. Mudzaona madzi otuwa akutsika ndipo mzere ukuyamba kuoneka mtundu wake wakale. Pamene pakana, thiranipo hydrogen peroxide wa 3 peresenti, uja wotsukira zilonda, mumusiye achite thovu kwa mphindi 10 musanakwechenso.

Madontho oyera a laimu amasungunuka ndi viniga. Koma viniga ndi asidi, ndipo asidi amadya simenti pang'onopang'ono, choncho si wothira tsiku ndi tsiku, komanso mukatha tsukuluzani bwino. Pa matailosi a mwala wachilengedwe monga mabo musamuyandikitse n'komwe, amaguga osabwereranso. Ambiri amakonda kusakaniza viniga ndi soda poona thovu lochuluka lija, koma kunena zoona thovulo ndi chizindikiro chakuti ziwirizo zathana mphamvu. Chotsalacho sichisiyana kwenikweni ndi madzi amchere.

Zonsezi zikalephera ndi pamene mungatenge mankhwala oyeretsera a klorini, aja amadzimadzi oyeretsera zovala (bleach). Bungwe lolimbana ndi matenda la CDC la ku United States limalangiza kuti musapitirire kapu imodzi, yomwe ndi mamililita pafupifupi 240, m'madzi okwana galoni imodzi, kapena kuti malita 3.8. Madzi ake akhale ozizira. Pakani m'mipata, dikirani mphindi 10, kwechani, tsukuluzani ndi madzi ambiri. Sungunulani okwanira tsikulo basi, chifukwa akagona amatha mphamvu. Ngati grout yanu ndi yamtundu, yesani kaye pakona yobisika, klorini amasulutsa. Dziwaninso kuti klorini amayeretsa msanga pamwamba moti diso limakhutira, pamene timizu ta chuku tikadali mkati. Ngakhale chuku chakufa chimayambitsabe kuyetsemula ndi kubanika, n'chifukwa chake kukwecha ndi kutsukuluza sikudumphidwa.

Botolo limodzi panthawi imodzi

Apa ndi pamene pagona ngozi yoposa chuku chenichenicho. Munthu akakwecha mpaka mkono kuwawa koma dontho osachoka, maganizo amabwera akuti athirepo zonse zimene zili m'nyumba. Musatero. Klorini akakumana ndi asidi, kaya viniga, madzi a mandimu kapena mankhwala ambiri otsukira m'chimbudzi, pamatuluka mpweya wa klorini. Umenewu ndi mpweya womwe uja unagwiritsidwa ntchito ngati chida chankhondo ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915. Akakumana ndi amoniya, amene amapezeka m'mankhwala ena opukutira magalasi, pamatuluka mpweya wina wapoizoni wotchedwa chloramine. Shawa ndi kachipinda kopanikizika, ndipo wokwechayo amakhala atawerama, nkhope ili pafupi ndi pansi, pomwe mpweya wa klorini umadikha popeza ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Viniga ndi hydrogen peroxide nazonso zisathiridwe m'botolo limodzi.

Kusakaniza sikuchitika m'ndowa mokha. Mukathira viniga pakhoma, osatsukuluza, n'kubwera ndi klorini pamwamba pake, mwasakaniza kale. Mukafuna kusintha mankhwala, tsukuluzani khoma ndi pansi pomwe mpaka madzi atapita, ndipo ngati n'kotheka dikirani tsiku lotsatira.

Mukayamba kumva kuwotcha m'maso ndi kukhosi, kutsokomola kapena chifuwa kuthina, siyani zonse mutuluke panja pomwepo. Mankhwala akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15. Kupuma kukamavutabe, thamangirani kuchipatala mutatenga botolo kapena chithunzi cha chizindikiro chake. Mwana akamwa mankhwalawa musamusanzitse, pitani naye kuchipatala msanga.

Kuti chisabwerere

Chuku sichimera pouma. Mukatha kusamba, kokololani madzi pakhoma ndi chopukutira cha labala kapena nsalu, ntchito ya mphindi imodzi yokha. Siyani zenera lotsegula kapena fani yotulutsa mpweya ikuyenda kwa mphindi 20 kapena 30. Katani ya shawa itambasulidwe kuti iume, matawulo onyowa akayanikidwe kwina. Grout ikayera ndi kuumiratu, pali mankhwala opaka otseka timabowo tija kuti isamamwe madzi, ndipo amafunika kubwerezedwa pakapita nthawi malinga ndi malangizo a pabotolo.

Silikoni, uja wonga labala wotsekera m'makona, akada mpaka mkati sayeranso, mungakweche bwanji. Mudule ndi mpeni, pamalopo paume, muike watsopano. Grout yong'aluka kapena yofumbutuka nayo ndi yofunika kuikolopola n'kuikanso ina. Chuku chikamabwerera pamalo amodzimodzi patangopita masiku ochepa, kapena tailosi ikamalira ngati mulibe kanthu mukaigogoda, kapena utoto wa kuseri kwa khomalo ukamatukusira, ndiye kuti madzi akudontha mkati, ndipo wofunika ndi pulambala. Bungwe loteteza chilengedwe la EPA la ku United States limati malo achuku akakhala osakwana masikweya fiti 10, pafupifupi sikweya mita imodzi, nthawi zambiri mukhoza kuyeretsa nokha. Akaposa pamenepo ndi bwino kuitana akatswiri.