Gulugufe wa usiku amene anadziwika asanaoneke

Ife a ku Blantyre timamva za chilumba cha Madagascar makamaka pa nthawi ya anamondwe, monga Freddy amene anadutsa kumeneko asanatigwere mu 2023. Koma m'nkhalango za kum'mawa kwa chilumbachi mumamera duwa loyera lokakamira pa mitengo, lotchedwa Angraecum sesquipedale, limene linautsa mkangano pakati pa anthu ophunzira kwa zaka zambiri.

Duwali lili ndi kampope kotalika pafupifupi masentimita 30, ndipo timadzi take totsekemera timakhala pansi penipeni pa kampopeko. Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku England, atalandira maluwawa kuchokera kwa wolima maluwa James Bateman mu 1862, analemba kuti ku Madagascar kuyenera kukhala gulugufe wa usiku wa mlomo wautali wotha kufika pamene pali timadzito, popeza duwa lopanda wolinyamulira mungu silingabereke mbewu. Akatswiri ena a tizilombo anamuseka. Mu 1867 Duke wa ku Argyll, mkulu wina wa ku Scotland, anakana maganizo a Darwin oti kampope ka duwa ndi mlomo wa gulugufe zinkatalika limodzi pang'onopang'ono pa mibadwo yambiri, nati imeneyo ndi ntchito ya Mlengi, koma chaka chomwecho katswiri wina wa zachilengedwe, Alfred Russel Wallace, anaikira Darwin kumbuyo, nalimbikitsa opita ku chilumbacho kuti akamusake gulugufeyo mopanda kukayika.

Darwin anamwalira mu 1882 asanamuone. Mu 1903 akatswiri a tizilombo Walter Rothschild ndi Karl Jordan anafotokoza za gulugufe wa ku Madagascar wa mlomo wautali chomwecho, namupatsa dzina lakuti praedicta, kutanthauza wonenedweratu. Komabe zinatenga mpaka 1992 kuti katswiri wa ku Germany, Lutz Wasserthal, amuone akuyamwa timadzi m'duwalo. Kuchedwa konseku sikundidabwitsa, chifukwa duwali limatulutsa fungo lake usiku, nthawi imene anthu ali m'tulo, ndipo ntchito yonse imachitika mumdima.

Abale ake a gulugufeyu tili nawo konkuno. Kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni kuli mtengo wa papaya, ndipo dzuwa likangolowa pamabwera gulugufe wonenepa, nkuima m'malere mapiko akunjenjemera, kenako nkutambasula mlomo wake umene amaupinda ngati nkhata. Tikamadya mapapaya timayamikira njuchi, kuiwala kuti gulugufeyu nayenso amanyamula mungu wa maluwa ake. Zimandipweteka mtima kuti gulugufe yemweyo akasochera nkudzazungulira babu la pakhonde, ana amamuthamangira ndi nsapato m'manja.