Mukadzalephera kuyankhula, adzakuyankhulirani ndani kuchipatala?

Munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira bwino sitingamuchite opaleshoni, kumuika magazi kapena kumudula mwendo iye asanavomere. Timamufotokozera, iye n'kusankha, kenako amasaina kapena kudinda chala. Akakana, wakana, ngakhale ife a chipatala zitiwawe mumtima. Vuto limayamba pamene mwini thupi sangathenso kuyankhula. Sitiroko imatha kutseka pakamwa m'mawa umodzi. Shuga akakwera kapena kutsika kwambiri, munthu amakomoka. Pali ngozi za njinga zamoto za kabaza, matenda oiwalaiwala a ukalamba, komanso khansa ikafika kumapeto. Zikatere dokotala amatembenukira kwa amene waima pambali pa bedi n'kufunsa kuti, "Mayi, tichite bwanji?"

Amene waima pamenepo nthawi zambiri ndi gadiyani, mayi amene akugona pansi, kuchapa, kuphika ndi kutembenuza wodwala usiku. Ndiye akudziwa mmene zinthu zilili, koma kawirikawiri mawu omaliza sakhala ake. Kuno ku Zomba mabanja ambiri amatsata mbumba ya kuchikazi, ndiye nkhani yaikulu imadikira mwinimbumba amene ali ku Jali, ku Mayaka kapena ku Chingale. Mwana amene amatumiza ndalama ali ku Johannesburg ndipo akulamula pa WhatsApp kuti achite chilichonse chotheka. Mkazi wa wodwalayo anamvapo mwamuna wake akunena kuti safuna kudzafera kuchipatala, koma akuopa kutchula. Akadzamwalira kunyumba, akuchimuna adzati anamutulutsa dala. Pa ntchito yanga ya unamwino wosamalira odwala matenda osachiritsika, mantha amenewa ndimawaona kwambiri, ndipo amene amasenza katundu wake ndi amayi.

Pali njira yowapeputsira. Munthu akadali bwino, kapena atangouzidwa za matenda aakulu, amanena yekha zimene akufuna kuti zidzachitike akadzalephera kusankha, n'kuzilemba. Nzeru imeneyi inayambira kunja. Loya wa ku America, Luis Kutner, analemba za pepala lotere mu 1969. Dera la California linakhazikitsa lamulo lake mu 1976, chaka chomwe khoti la ku New Jersey linalola makolo a Karen Ann Quinlan kuchotsa makina opumira amene mwana wawo anakhalapo chikomokere. Ku England lamulo la 2005 limalola munthu kukaniratu chithandizo china komanso kusankha womuimira. Komabe kwathu si zachilendo kwenikweni. A Mboni za Yehova amayenda ndi kakhadi konena kuti asadzaikidwe magazi, ndipo ogwira ntchito kuchipatala amakadziwa bwino. Kaya mumagwirizana ndi chikhulupiriro chawo kaya ayi, iwo anaganiziratu, analemba, ndipo abale awo sasowa chonena.

Mbali yofunika koposa, mmene ine ndimaonera, ndi kusankha munthu. Palibe pepala limene lingalosere matenda onse, koma munthu amene amakudziwani akhoza kumva zimene dokotala akunena n'kuyankha monga mukanayankhira inu. Musasankhe chifukwa cha ukulu kapena ndalama. Sankhani amene amapezeka, amene foni yake imagwira, amene saopa kufunsa dokotala kachiwiri ngati sanamve, ndiponso amene angathe kuuza amalume mwaulemu kuti, "Iwo eni ake anati chakuti." Mumufunse kaye ngati angakwanitse, chifukwa ena mtima wawo sungapirire. Tchulaninso wachiwiri, poti woyambayo akhoza kudwala kapena kukhala kutali. Ntchito yake ndi kunena zofuna zanu, zake aziike pambali.

Kusankha mkazi wanu kapena mwana wanu wamkazi sikulanda udindo wa mwinimbumba, bola mwinimbumbayo amve kuchokera pakamwa panu. Akamva koyamba tsiku la chipwirikiti mu wodi, adzaona ngati mwamudelera, ndipo mkangano umayambira pomwepo.

Kenako pali zithandizo zimene muyenera kuziganizira, ndipo apa ndi bwino kukhala pansi ndi dokotala kapena namwino. Mtima ukaima, timakanikiza pachifuwa mwamphamvu ndi kupopera mpweya. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi zochepa, n'chifukwa chake timathamanga osadikira kufunsa. Kwa munthu amene wamira m'madzi kapena mtima wangoima mwadzidzidzi ali wamphamvu, izi zimapulumutsa moyo. Kwa agogo amene khansa yafalikira thupi lonse, mtima sudzuka kawirikawiri, nthiti zimatha kuthyoka, ndipo mphindi zawo zomaliza zimathera m'manja mwa alendo, ana awo ali panja. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti zikadzafika pamenepo asadzamukanikize.

Chimodzimodzi makina opumira a m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi makina osefa magazi impso zikafooka. Osefa magaziwa amafuna kuti munthu azipita kawiri kapena katatu pa sabata, maola angapo ulendo uliwonse, ndipo wa ku Zomba angafunike kumapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 60. Wina adzati ndiyesereni, ndili ndi ana aang'ono. Wina adzati ndatopa, ndisiyeni ndikhale pakhonde panga. Onsewa ndi mayankho abwino ngati achokera kwa mwini wake.

Nkhani imene imapweteka mabanja kwambiri ndi ya chakudya. Kwathu kudyetsa wodwala ndiko kumukonda, ndipo gadiyani amene wodwala wake sakudya amaoneka ngati wosasamala. Koma thupi likayandikira kumapeto limasiya lokha kufuna chakudya. Munthu amene sakumeza bwino mukamukakamiza phala, lina limalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Chubu chodyetsera chodzera m'mphuno chimathandiza kwambiri munthu wa sitiroko amene akuyembekezeka kuchira, koma kwa amene ali m'masiku omaliza nthawi zambiri chimangowonjezera kusautsika. Mayi akaneneratu kuti, "Ndikadzasiya kudya musadzandikakamize, muzidzangondinyowetsa milomo," mwana wake sadzakhala moyo wonse akudziimba mlandu woti anapha amayi ake ndi njala.

Nditchulenso okisijeni, poti mantha ake ndi ofala: anthu ena amati wodwala akaikidwa pa okisijeni ndiye kuti wapita. Okisijeni sapha. Amaikidwa kwa amene adwalika kwambiri, n'chifukwa chake ena amamwalira ali pomwepo, koma ambiri amachira chifukwa cha iye. Musalembe kuti mukumukana chifukwa cha mphekesera. Funsani kaye.

Ena amaopa kuti akalemba pepalali achipatala adzawataya. Kukana chithandizo china sikukana chisamaliro. Ululu timauthetsabe, ndipo morphine wamadzi amaperekedwa m'zipatala zathu kwa odwala khansa ndi matenda ena opweteka. Zilonda timatsukabe, mseru ndi befu timachepetsabe. Chisamaliro chotere chili ndi bungwe lake la Palliative Care Association of Malawi, ndipo mukafunsa ku Zomba Central Hospital kapena ku St Luke's ku Malosa adzakulozerani kwa ochita ntchitoyi. Pepalali silipatsanso aliyense chilolezo chofupikitsa moyo wanu. Kupha wodwala mwadala ndi mlandu. Silingakakamizenso dokotala kupereka chithandizo chimene iye akuona kuti sichithandiza. Ndipo si wilu. Wilu, malinga ndi lamulo la 2011 la chuma cha masiye, imanena za katundu munthu atamwalira. Pepala ili likunena za thupi lanu mukadali moyo, ndipo limagwira ntchito pokhapokha inu mwalephera kusankha. Mukatsitsimuka, mawu anu a tsiku limenelo ndi amene timatsata.

Ndikudziwa kuti kutchula zimenezi pakhomo kumamveka ngati kulaula. Ana amati, "Amayi, musayankhule choncho, Mulungu alipo." Alipodi, ndipo amene walemba zofuna zake sanataye chikhulupiriro. Timalowa m'magulu othandizana pamaliro, ena amalipira inshulansi ya bokosi mwezi ndi mwezi, koma palibe amati tikuitana imfa. Ngati kuyamba nokha kukuvuta, pemphani abusa, ansembe kapena shehe akhalepo. Angathandizenso pa zinthu zimene ife sitingazidziwe, monga ngati mukufuna kudzozedwa, kupemphereredwa, kapena kubwerera kumudzi mpweya ukadalipo.

Kalembedwe kake sikafuna Chingerezi. Lembani m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'chinenero chilichonse chimene mumaganizira: dzina lanu, tsiku, dzina ndi nambala ya wokuimirani ndi wachiwiri wake, zimene mukufuna ndi zimene simukufuna, komanso chifukwa chake, poti chifukwacho n'chimene chidzatsogolere abale pa nkhani imene simunailembe. Sainani kapena dindani chala pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzapindula ndi chuma chanu. Ngati simutha kulemba, wina alembe n'kukuwerengerani mokweza mbonizo zikumva. Pepala lina likhale kwa wokuimirani, lina mulimate m'buku lanu la kuchipatala, chifukwa bukulo ndi limene limafika nanu pa bedi, osati zimene zatsekeredwa m'sutikesi kunyumba. Pemphani dokotala alembemo kuti mwakambirana. Muziliwerenganso matenda akasintha, banja likatha, kapena amene munamusankha akamwalira kapena kusamukira kutali. Mukasintha maganizo, ng'ambani lakale, lembani latsopano ndi tsiku lake, ndipo uzani onse amene anamva loyamba lija.