Ku Alviso, dambo likudikira chipupa

Mukamatera pa ndege ku San Francisco, kum'mwera kwa nyanja mumaona maiwe ofiira ndi obiriwira ogawidwa ngati minda ya mpunga. Ndi maiwe oumitsira mchere. Kale onsewa anali dambo, mpaka anthu analitchinga ndi zipupa za dothi. Mu 2003 boma linagula maekala pafupifupi 16,500 (15,100 mwa iwo ali kum'mwera kuno) kwa kampani yopanga mchere ya Cargill pa madola 100 miliyoni kuti malowa abwerere mwakale, ndipo ambiri ali m'malo otetezera nyama a Don Edwards.

Kunena n'kosavuta: gumulani chipupa, madzi alowe ndi matope, udzu umere. Koma zipupa zomwezo, ngakhale sizinamangidwire ntchito imeneyo, n'zimene zakhala zikutchinjiriza anthu. Ku Alviso, dera la mzinda wa San Jose, nthaka inatitimira chifukwa chopopa madzi a pansi kwa zaka zambiri, moti mbali zina zili m'munsi kuposa nyanja. Mu 1983 madzi osefukira analowa m'nyumba. Munthu amene anakolopapo matope pabalaza pake simungamuuze kuti mukutsegulira nyanja chifukwa cha mbalame.

Ife okonza mapulani a mizinda timati nkhani yagona pa choyamba n'chiti. Chipupa chatsopano cholimba chiyambe chamangidwa kufupi ndi nyumba, kenako chakale chigumulidwe. N'chifukwa chake maiwe ena a pafupi ndi Alviso amadikira ntchito ya US Army Corps of Engineers, nthambi ya boma yomanga chipupa chatsopanocho. Zimachedwetsa, inde, koma ndikuona kuti n'zoyenera.

Nazo nyama sizifuna zofanana. Mbalame yotchedwa Ridgway's rail imafuna udzu wowirira. Ina yaing'ono, snowy plover, imaikira mazira poyera, pa nthaka youma yotuwa ndi mchere, mazira ake ngati timiyala moti mutha kuwaponda osadziwa. Maiwe ena amasiyidwa dala chifukwa cha iyo. Palinso mercury, mtundu wa chitsulo chapoizoni, wa ku migodi yakale ya New Almaden amene anakokoloka ndi mtsinje wa Guadalupe. Kumene mtsinjewu umathera, zipata za maiwe ankatsegula pang'onopang'ono, uku akuyeza nsomba ndi mazira.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi malo a m'mphepete. Nyanja ikamakwera, dambo limasendera kumtunda, ndipo likapeza msewu ndi nyumba limamira. Ku Redwood City kunali ganizo lomanga nyumba pafupifupi 12,000 pa maiwe a mchere, koma linachotsedwa mu 2012 anthu atalitsutsa. Sindipeputsa vuto la nyumba, pakuti lendi ya kumeneko imathamangitsa mabanja. Komabe nyumba yomangidwa pamatope otere mawa idzafuna chipupa chake, ndipo olipira ndi mzinda wonse.

Mu 2016 anthu a m'maboma 9 ozungulira nyanjayi anavota kuti azisonkha madola 12 pachaka pa puloti iliyonse kwa zaka 20, ndalama zokonzera madambo ndi kuteteza magombe awo.