Nyumba zodzamira zimasankhidwa ku ofesi ya khonsolo

Usiku wa pa 27 kuchera pa 28 Febuluwale 2010, namondwe wotchedwa Xynthia anaomba gombe la kumadzulo kwa dziko la France. M'katauni ka La Faute-sur-Mer munafa anthu 29. Ambiri anali achikulire, ndipo madzi anawapeza ali m'tulo. Nyumba zawo zinali zolimba, zokhala ndi mapepala onse a khonsolo. Chimene chinawapha ndi malo. Nyumbazo zinamangidwa m'chigwa chotsika kuseri kwa khoma lotchinga madzi, ndipo zambiri zinalibe chipinda cham'mwamba choti munthu n'kuthawiramo. Madzi atadumpha khomalo anadzaza chigwa chonse, m'nyumba zina mpaka kupitirira mamita awiri. Mu 2014 khoti linapeza mfumu ya tauniyo, a René Marratier, olakwa pa imfa zimenezi. Atachita apilo chilango chinachepa mu 2016, koma mlandu unawakhalirabe.

Ife amene timagwira ntchito yokonza mapulani a mizinda timafunsidwa kawirikawiri kuti, "Nanga khoma mudzatimangira liti?" Funsolo n'lomveka, poti khoma limaoneka ndi maso ndipo limakhazika mtima pansi. Koma chida champhamvu kwambiri chimene khonsolo ya m'mbali mwa nyanja yamchere ili nacho ndi chidindo chimene imadinda pa chilolezo chomangira nyumba. Namondwe akamafika, zambiri zimakhala zitagamulidwa kalekale, tsiku limene komiti inavomera kuti dambo lakutilakuti ligawidwe mapuloti.

Kuti mumvetse chifukwa chake, onani mmene madziwo amabwerera. Anthu akamva za namondwe amaganiza za madenga ouluka, koma kugombe chimene chimatenga miyoyo yambiri ndi madzi. Mphepo yamphamvu ikaomba kwa maola ambiri kuchokera kunyanja, imakankha madzi n'kuwaunjika kugombe. Kumene nyanja ili yosazama kwa mtunda wautali, monga ku Bay of Bengal, nyanja ya kugombe la Bangladesh ndi India, kapena kugombe la Beira ku Mozambique, madziwo amasowa kolowera ndipo amakwera mtunda. Pakati pa namondwe mpweya supanikiza nyanja monga mwa masiku onse, choncho nyanjayo imatukumukanso pang'ono. Pamwamba pa zonsezi pali kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, kumene m'malo ambiri kumachitika kawiri pa tsiku. Namondwe akafika nyanja itaphwa, anthu akhoza kungokolopa m'nyumba. Yemweyo akafika nyanja itadzaza, makamaka masiku amene mwezi uli wathunthu kapena uli mumdima, mudzi umalira maliro. Xynthia anafika pa nthawi yoipa ngati imeneyi.

Pali mbali ina imene ambiri saiganizira. Pamene nyanja ikukwera, mvula ya namondweyo imakhala ikugwa kumtunda. Mitsinje ndi ngalande zimafuna kuthira m'nyanja, koma nyanja yakwera kale kuposa kamwa la ngalandeyo, ndiye madzi amabwerera m'mbuyo. Dera limene mafunde sanalifike n'komwe limamira ndi madzi a mvula.

Nyanja nayo sinaime pamene inali. Asayansi a IPCC, bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, anapeza kuti kuyambira mu 1901 kufika mu 2018 inakwera pafupifupi masentimita 20 pa dziko lonse. Wina anganene kuti masentimita 20 n'chiyani. Pamalo athyathyathya amenewo ndi okwanira kuti madzi amene kale ankathera pamsewu alowe m'chipinda chogona. M'mizinda ina nthaka ndi imene ikumira. Kumpoto kwa Jakarta ku Indonesia nthaka yatsika kwambiri chifukwa chopopa madzi apansi mopyola muyezo. Mzinda wa Tokyo ku Japan unali ndi vuto lomweli, ndipo linazirala boma litakhwimitsa malamulo opopera madzi apansi n'kupatsa mafakitale madzi ochokera kwina.

Choncho ntchito yoyamba ya khonsolo ndi mapu osonyeza kumene madzi angafike ndi kuya kwake. Mapuwo amachokera pa kuyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, pa zolembedwa za anamondwe akale, komanso pa zimene anthu amakumbukira. Agogo amene angakulozereni pakhoma la tchalitchi kapena la mzikiti pamene madzi anathera chaka chakuti ndi mboni yodalirika, ndipo injiniya wanzeru amayeza mzere umenewo n'kuulemba. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mfuleni umene unakwiriridwa kuti pakhale msika, madzi adzaufunafuna.

Pamapu amenewa mudzaona mawu onena za kusefukira kumene kumabwera kamodzi pa zaka 100. Ambiri akawerenga zimenezi mtima umakhala m'malo, amati ine sindidzaziona. Sikuti madziwo amawerenga zaka. Chaka chilichonse pali mpata umodzi pa 100 woti abwere, ndipo akhoza kubwera zaka ziwiri zotsatizana. Mukakhala m'nyumbayo zaka 30, mpata woti mudzawaona umafika pafupifupi 26 pa 100, ndiye kuti umodzi mwa inayi. Palibe kholo limene lingagoneke ana m'nyumba imene lauzidwa kuti pali mpata umodzi mwa inayi woti idzapsa.

Kujambula mapu si kovuta. Kovuta n'kuwamvera. Malo a kugombe ndi odula, amabweretsa misonkho yambiri, ndipo amene amawafuna nthawi zambiri ndi anthu odziwika. Khansala akakana chilolezo amadana ndi munthu amene akumuona pamaso lero, pofuna kuteteza anthu amene sakuwadziwa ku tsoka limene mwina lidzagwa iye atachoka pampando. Ziphuphu nazo zimalowera pomwepa. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti mapu a chiopsezo asamabisidwe m'kabati. Azipachikidwa poyera, aziikidwa pa intaneti, ndipo aliyense wogula puloti aziuzidwa molemba kuti malowo madzi amafika. Lamulo lizinena momveka bwino kuti apa sipamangidwa chilichonse, apa pamangidwa koma pansi pa nyumba pakwezedwe kufika pakuti, apa chipatala, sukulu ndi nyumba ya okalamba ayi. Zikalembedwa choncho, wogwira ntchito wamng'ono amapeza poimira bwana akamukakamiza kusaina.

Sindikunena kuti makoma ndi achabe. Pali mizinda imene popanda makoma sikanakhalapo. Koma khoma lili ndi msampha wake. Likangomangidwa, anthu amaona ngati kuseri kwake kwasanduka kumtunda, ndipo amamanga nyumba zambiri kumene kale ankaopa. Tsiku limene khomalo lagonja, madzi amapeza anthu ochuluka kuposa kale, amabwera mwadzidzidzi, ndipo khoma lomwelo limawatsekera kuti asabwerere. Mu Ogasiti 2005 namondwe Katrina ataomba, makoma a New Orleans ku America anagumuka m'malo ambiri, pafupifupi magawo 80 pa 100 a mzindawo anamira, ndipo anthu oposa 1,000 anafa. Madziwo anachita kupopedwa kwa milungu ingapo. Kumene kuli milu ya mchenga, madambo ndi nkhalango za mangrove (mitengo yomera m'madzi amchere kugombe), khonsolo izisamale, chifukwa zimafooketsa mafunde asanafike pa khoma ndipo zimadzikonza zokha. Kulola anthu kukumba mchenga womangira pa milu imeneyi n'kugwetsa chitetezo chimene simunalipire.

Tsono pali ntchito imene palibe amaitamanda, yosamalira zimene zamangidwa kale. Pakamwa pa ngalande yothira m'nyanja pamakhala chitseko chachitsulo cholendewera pamahinji. Madzi a mvula akamatuluka amachikankha n'kutseguka, nyanja ikakwera imachikankha n'kutsekeka. Botolo limodzi lapulasitiki likapanika pakati, kapena mchenga ukaunjikana kunsi kwake, chitsekocho chimakhala chokhamula, ndipo madzi amchere amayenda m'ngalande mobwerera n'kukatulukira pakati pa mzinda. Pamafunika munthu wa fosholo, wolipidwa mwezi ndi mwezi, wodziwa kuti chitseko chimenechi n'chake. Ndalama za ntchito yotereyi ndi zimene zimayamba kudulidwa bajeti ikavuta. Dziko la Netherlands, kumene madzi anapha anthu 1,836 usiku wa pa 31 Januwale 1953, limatchuka ndi zotchinga zake zikuluzikulu. Chimene ine ndimasirira kumeneko ndi makhonsolo a zamadzi, amene anayamba zaka mazana ambiri zapitazo. Ali ndi zisankho zawozawo ndi msonkho wawowawo, moti ndalama yokonzera khoma siyingapatutsidwe kukagula galimoto za mabwana.

Beira ndi chitsanzo chabwino cha mbali zonse ziwiri. Pa nthawi ya a Daviz Simango ngati mfumu ya mzindawo, ngalande zikuluzikulu zinakonzedwa, ndipo mtsinje wa Chiveve umene unali utatsekeka ndi zinyalala unatsegulidwanso n'kuikidwa chitseko pamene umathira. Namondwe Idai ataomba pa 14 Malichi 2019, ngalandezo zinathandiza kuti madzi a mvula achoke msanga m'madera amene zinafika. Komabe mphepo inasasula madenga ambirimbiri, ndipo amene anavutika kwambiri ndi osauka okhala m'malo otsika osakonzedwa.

Apa m'pamene mtima wanga umawawa, chifukwa chidindo cha khonsolo sichifika kwa anthu amenewa. Iwo sanapemphe chilolezo. Anamanga m'dambo chifukwa m'pamene panalibe wowalipiritsa, komanso m'pafupi ndi doko, msika kapena bwato lawo. Kuwauza kuti asamuke n'kosavuta, koma mukawapatsa malo akutali kopanda madzi, sukulu kapena ganyu, adzabwerera mvula ikangokata, ndipo sadzakhala akulakwa. Msodzi sangakhale makilomita 30 kuchokera kunyanja. Khonsolo yoganiza bwino imakonzeratu mapuloti otsika mtengo pamalo okwera koma apafupi, imafikitsako msewu ndi madzi anthu asanafike, imapereka chipukuta misozi chokwanira, ndipo malo amene asiyidwa imawasandutsa bwalo la masewera kapena munda wa mitengo tsiku lomwelo. Malo ongosiyidwa bwalabwala ena amadzamangapo.

Poti si onse angasamuke, pamafunikanso njira yothawira. Apa mphunzitsi wamkulu ndi Bangladesh. Namondwe wa mu Novembala 1970 anapha anthu osachepera 300,000, ndipo wa mu 1991 anapha pafupifupi 138,000. Mu 2007 namondwe Sidr, amene anali wamphamvu kwambiri, anapha anthu oposa 3,000. Chiwerengerocho n'chachikulube, koma kusiyana kwake kukuoneka. Dzikolo linamanga nyumba zothawiramo zansanjika zoimika pazipilala, zimene masiku wamba zimakhala sukulu, choncho zimasamalidwa ndipo mwana aliyense amadziwa njira yake. Linaphunzitsanso anthu ongodzipereka masauzande ambiri, amuna ndi akazi, amene azanyengo akachenjeza amayenda khomo ndi khomo ndi zimkuzamawu n'kukweza mbendera zosonyeza kukula kwa ngoziyo.

Chimene anaphunzira n'chakuti munthu akhoza kumva chenjezo koma osachoka, ndipo amakhala ndi zifukwa zake. Amaopa kusiya ng'ombe, amaopa akuba, amayi ndi atsikana amaopa kugona mothithikana ndi amuna achilendo kopanda chimbudzi chawochawo. N'chifukwa chake pafupi ndi nyumba zina zothawiramo anaunjika zitunda zadothi zoimikapo ziweto, ndipo zatsopano zimakhala ndi zipinda ndi zimbudzi za amayi padera. Ku New Orleans lamulo loti anthu achoke linaperekedwa, koma mabanja ambiri analibe galimoto, ndipo dongosolo lowanyamula linali losakwanira.

Mafunso ngati amenewa likulu la dziko silingawayankhe. Ndi khonsolo ndi atsogoleri a m'madera amene angadziwe kuti mumsewu wakuti muli agogo osatha kuyenda, kuti mlatho wopita kusukulu yothawirako ndi umene umayamba kumira, ndiponso kuti kiyi wa sukuluyo amasunga ndani usiku. Dzina la wosunga kiyiyo, ndi la wina womuthandiza iye akachokapo, zilembedwe m'ndondomeko, ndipo nyengo ya anamondwe isanayambe anthu ayeserere kuyenda ulendowo wapansi, atanyamula ana ndi okalamba, wina akuwerenga mphindi.