Bwato likasowa panyanja pamodzi ndi mwini wake

Pa 28 Januwale 2007, Jim Gray, katswiri wa makompyuta wa ku Microsoft, ananyamuka yekha ku San Francisco, ku America, pa bwato lake la matanga lotchedwa Tenacious, lotalika mamita 12. Ankapita ku zilumba za Farallon, ulendo wosakwana makilomita 50, kukamwaza phulusa la malemu mayi ake. Kunja kunacha bwino ndipo nyanja inali bata. Sanabwerenso. Asilikali olondera gombe anasakasaka, anzake anapenda zithunzi za setilaiti zambirimbiri, ena anafufuza mpaka pansi pa nyanja, koma sipanapezeke ngakhale kansanza ka thanga.

Nkhani yotere ikamveka, maganizo a anthu ambiri amathamangira kwa achifwamba apanyanja kapena ku zodabwitsa zosadziwika. Ine ndimayamba ndi funso lina: n'chifukwa chiyani munthuyo sanaitane? Bwato lopita kutali limakhala ndi wailesi, komanso kachipangizo kotchedwa EPIRB, kamene kakayatsidwa kamauza opulumutsa kudzera pa setilaiti kuti bwato lakutilakuti lili pamavuto pamalo akutiakuti. Ngati zonsezi zinangoti zii, ndiye kuti tsokalo linachitika mwadzidzidzi kwambiri, kapena mwini bwato sanalinso m'bwatomo.

Kugwera m'madzi ndiye ngozi imene aliyense woyenda yekha amaiopa koposa. Sizilira namondwe. Munthu wapita ku mlongoti kukachepetsa thanga, dzanja limodzi lagwira chingwe, linalo likumanga mfundo, kenaka funde lakankha bwato cha m'mbali, phazi n'kuterereka. Lamba womumangirira ku bwato anamusiya m'kati chifukwa kunja kunali kwabwino. Bwatolo silidziwa kuti mwini wake wagwa. Oyenda okha amadalira chiwongolero chodziyendetsa chokha, ndiye bwato limangopitirira, matanga ali kokakoka, pa liwiro la makilomita 11 pa ola. Palibe wosambira amene angalipeze, ngakhale katswiri wa mpikisano. M'madzi ozizira munthu amabanika atangogwa, ndipo posakhalitsa manja amaleka kugwira. Bwato lija pofika mawa lake lingakhale litayenda makilomita oposa 250, kutali ndi kumene ofufuza akuyang'ana. N'chimodzimodzinso munthu akadwala mtima mwadzidzidzi, kapena akamenyedwa m'mutu ndi mtanda wa pansi pa thanga: wailesi ilipo, woigwira palibe.

Komabe bwato lopanda munthu silimira msanga, ndipo nthawi zambiri limadzapezeka. Bwato lotchedwa Teignmouth Electron, la Donald Crowhurst amenenso ankayenda yekha, linapezeka mu Julaye 1969 likuyandama pa nyanja ya Atlantic mulibe munthu. Choncho zikasowa zonse ziwiri, tiyenera kuganiziranso zimene zimamiza bwato m'kanthawi kochepa.

Choyamba ndi kugundidwa ndi sitima yaikulu. Malamulo apadziko lonse opewera ngozi panyanja amati chombo chilichonse chikhale ndi woyang'ana nthawi zonse. Munthu mmodzi sangakwanitse zimenezi, pakuti tulo sapikisana nato. Ambiri amagona mphindi 20, n'kudzuka, kuunguza mbali zonse, n'kugonanso. Koma sitima ya makontena yothamanga makilomita 37 pa ola imadula makilomita 12 pa mphindi 20 zomwezo. Alamu ikangomuphonya kamodzi munthu wotopa, basi. Bwato laling'ono la faiba silioneka bwino pa rada, makamaka mafunde akakula, ndipo chisitima cholemera matani masauzande ambiri chingaliphwanye usiku, a m'katimo osamva n'kugunda komwe. Chipangizo cha AIS, chimene chimaonetsa zombo pa sikirini, chachepetsa ngoziyi, koma chimafuna magetsi, ndipo si chombo chilichonse chimachiyatsa.

Chachiwiri ndi madzi kulowa. Apa pali chinthu chimene anthu apamtunda sachidziwa. Pansi pa bwato la matanga pamalendewera chitsulo kapena mtovu wolemera, chimene amalinyero amati keel. Ntchito yake n'kuletsa bwato kupendekeka mphepo ikakankha matanga, ndipo pa mabwato ambiri chimalemera gawo limodzi mwa magawo atatu a bwato lonse, mwinanso kuposa. Bwato likadzaza madzi, chitsulo chomwecho ndi chimene chimalikokera pansi lathunthu, katundu yense ali m'kati. N'chifukwa chake pamwamba sipatsala zidutswa. Bowo la masentimita 5 okha, lili mita imodzi pansi pa madzi, limalowetsa malita pafupifupi 300 pa mphindi, kuposa amene pampu wamba ya m'bwato ingatulutse. Bowo lotere silichedwa kubwera: paipi ya injini kapena ya kuchimbudzi yazuka, kapena bwato lawomba chipika, namgumi, kapena kontena yogwa m'sitima imene ikuyandama mobisika.

Opulumuka ndi amene atiuza kufulumira kwake. Mu 1982 bwato la Steven Callahan linawombedwa ndi chinthu usiku pa Atlantic, ndipo iye anakhala masiku 76 pa kabwato kopopa asanapulumutsidwe. Mu Novembala 2020, pa Vendée Globe, mpikisano wozungulira dziko lapansi munthu ali yekha m'bwato, bwato la Kevin Escoffier linathyoka pakati litawomba funde. Anangokwanitsa kutumiza uthenga waufupi n'kulowa m'kabwato kopopa, ndipo mnzake wa mumpikisano, Jean Le Cam, anamutola. Akanachedwa pang'ono kutumiza uthengawo, bwenzi lero tikungoganizira.

Keel ingathenso kuthothoka, ndipo bwato limagadabuzika nthawi yomweyo. Tony Bullimore zinamuchitikira mu Januwale 1997 panyanja ya kumwera chakumadzulo kwa Australia. Anakhala masiku anayi m'kati mwa bwato logadabuzika mpaka asilikali apamadzi a dzikolo anamupeza. Mike Plant wa ku America, mu 1992, analibe mwayi wotere. Bwato lake, Coyote, linapezeka pa Atlantic litagadabuzika, mtovu wa pansi utachoka, iye osaoneka. EPIRB yake inalira pang'ono, koma inali yosalembetsa m'kaundula, ndipo kufufuza kunayamba mochedwa. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse, chifukwa kulembetsa ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Namondwe naye amapha, makamaka funde losweka likamenya bwato cha m'mbali, koma ofufuza amakhala ndi mbiri ya nyengo, ndiye amadziwa ngati kunali koipa. Moto kapena kuphulika kwa gasi wophikira n'zotheka. Achifwamba alipo m'madera ena, monga kufupi ndi Somalia, koma amafuna dipo kapena katundu, choncho nkhani imadzatuluka.

Chimene chimavutitsa ofufuza kwambiri ndi nthawi. Woyenda yekha alibe womusowa msanga. Achibale amayamba kuda nkhawa tsiku lofika likadutsa, ndipo pamenepo mphepo ndi mayendedwe a madzi zakhala zikukankha chilichonse chotsala kwa masiku kapena milungu. Dera loti afufuze limakula ola lililonse, pamene pansi pa nyanja zikuluzikulu m'pozama pafupifupi mamita 3,700 tikatengera pakatikati. Ndiye woyenda yekha ndimamulangiza kuti EPIRB ailembetse ndipo aiike panja, m'chotengera chimene chimaimasula chokha bwato likamira, avale pathupi kachipangizo kena kakang'ono koitanira thandizo, ndiponso asiye kumtunda munthu amene amayembekezera uthenga wake tsiku ndi tsiku pa ola lodziwika.